Mbiri ya Makina Ophunzitsira Asilikali Kuwombera

Kuwombera mfuti ndi luso la manja, ndipo luso lililonse la manja limakhwima ndi kuyeserera. Mmisiri wa matabwa amawononga mitengo ingapo asanakhome mpando wooneka bwino. Naye mwana wophunzira kupalasa njinga amagwa kambirimbiri asanalowe mumsewu waukulu. Koma msilikali ali ndi vuto limene anzakewa alibe. Iye sangayeserere pa mdani weniweni, popeza tsiku loyamba kukumana naye likhoza kukhalanso lomaliza. Kuwonjezera apo zipolopolo n'zodula, ndipo malo owomberako amafunika aakulu, otalikirana ndi midzi. Pa zifukwa zimenezi, kwa zaka zoposa 120 magulu ankhondo a mayiko osiyanasiyana akhala akupanga makina oti munthu aziphunzirirapo kuwombera popanda chipolopolo. Funso limene lasautsa akuluakulu a asilikali nthawi yonseyi ndi lakuti: kodi luso limene munthu walipeza pa makina limamtsatira akagwira mfuti yeniyeni? Nanga limafika naye mpaka pamalo pamene wina akumuwombera?

Nkhaniyi inayambira panyanja. M'chaka cha 1898, pa nkhondo ya pakati pa America ndi Spain, sitima zankhondo za America zinaphwasula sitima za Spain pafupi ndi doko la Santiago ku Cuba. Kwawo anthu anakondwera kwambiri. Koma akatswiri atayendera mabwinja a sitimazo ndi kuwerenga mabowo, anapeza kuti mwa zipolopolo za mizinga zoposa 9,000 zimene zinaponyedwa, zolasa sizinakwane ngakhale 2 pa 100 zilizonse. Chifukwa chake chinali chodziwika. Sitima ikakhala panyanja siikhazikika. Mafunde amaipendeketsa uku ndi uku, ndipo kukamwa kwa mzinga kumakwera ndi kutsika. Wowombera ankangodikira kuti fundelo libweretse mzinga pa mzere wa chandamale, n'kukhethemula mwachangu. Akachedwa pang'ono pokha, chipolopolo chinkagwera m'madzi kapena kudutsa pamwamba.

Amene anathetsa vutoli anali Kaputeni Percy Scott wa gulu lankhondo lapamadzi la Britain. Ali pa sitima yotchedwa Scylla, iye anasintha magudumu okwezera ndi kutsitsira mzinga kuti azizungulira mopepuka, kotero kuti wowombera athe kutsatira chandamale nthawi yonse pamene sitima ikupendekera. Anaikanso magalasi oonera kutali pa mzingawo. Komabe luso lotsatira chandamale linkafunika kuliyeserera tsiku ndi tsiku, ndipo zipolopolo zimene boma linkapereka zophunzirira zinali zochepa. Motero Scott anapanga kachipangizo kamene anakatcha dotter. Kutsogolo kwa mzinga ankaikako kachithunzi ka chandamale kamene munthu wina ankakakweza ndi kukatsitsa potsanzira mafunde. Wophunzira ankatsatira kachithunziko ndi mzinga wake, ndipo akakhethemula, pensulo yolumikizidwa ku mzingawo inkadinda kadontho pa pepala. Mphunzitsi akayang'ana madonthowo ankadziwa nthawi yomweyo ngati munthuyo akufulumira, akuchedwa kapena akugwedeza dzanja.

Zotsatira zake zinadabwitsa anthu. Pa mpikisano wa chaka cha 1899, mizinga ya pa Scylla inalasa ka 56 mwa zipolopolo 70, pamene sitima zina zambiri zinkalasa chipolopolo chimodzi chokha mwa zitatu. Ena anaganiza kuti pachitika chinyengo, koma Scott atasamukira ku sitima ina yotchedwa Terrible, nakonso kuwombera kunasintha chimodzimodzi. Msilikali wina wa ku America, William Sims, anakumana ndi Scott m'nyanja za ku China n'kuphunzira njirayi. Makalata amene Sims ankalembera akuluakulu ake ku Washington ankangoponyedwa kunkhongo, mpaka m'chaka cha 1901 analimba mtima n'kulembera pulezidenti Theodore Roosevelt mwini. Chaka chotsatira anapatsidwa udindo woyang'anira maphunziro a kuwombera m'sitima zonse za America.

Apa palibe chokayikitsa: luso la pa dotter linawoloka n'kufika pa mzinga weniweni. Koma mipikisano imeneyi inkachitika masana kuli ngwee, chandamale chili pa mtunda wosakwana makilomita 2, ndipo chandamalecho sichinkabwezera moto. Pa 31 Meyi 1916 sitima za Britain ndi za Germany zinakumana pa nkhondo ya ku Jutland. Zinkawomberana zili motalikirana, nthawi zina makilomita oposa 15, m'kati mwa nkhungu ndi utsi, uku zikukhotakhota pozemba. Mbali zonse ziwiri, zipolopolo zikuluzikulu zimene zinalasa zinali pafupifupi 3 pa 100 zilizonse. Si kuti maphunziro aja anali achabechabe ayi. Nkhondo ndiyo inali itasamukira pa mtunda umene diso la munthu woima pa mzinga silinkathandizanso kwenikweni. Chofunika tsopano chinali kuyeza mtunda ndi kuwerengera liwiro la mdani, ntchito imene pensulo ya Scott siinkaphunzitsa.

Pa zaka zomwe Scott ankalimbana ndi mizinga yake, akatswiri awiri a za maganizo a munthu ku America, Edward Thorndike ndi Robert Woodworth, ankafufuza funso lomweli m'njira ina. Nthawi imeneyo aphunzitsi ambiri ankakhulupirira kuti maphunziro ovuta monga Chilatini amanola ubongo wonse, monga mwala unolera mpeni, ndipo wowadziwa akhoza kuchita bwino pa china chilichonse. M'chaka cha 1901 awiriwa anafalitsa zimene anapeza. Anaphunzitsa anthu kuyerekeza ndi maso kukula kwa timapepala ta ngodya zinayi mpaka anthuwo atazolowera, kenaka n'kuwapatsa timapepala ta maonekedwe ena ndi misinkhu ina. Luso lija linawatsatira pang'ono chabe. Thorndike anagamula kuti zimene munthu waphunzira pa ntchito ina zimamthandiza pa ntchito inzake molingana ndi kuchuluka kwa zinthu zofanana m'ntchito ziwirizo. Wophunzira amene analowezapo mayankho a mayeso a chaka chatha, n'kukapeza funso litatembenuzidwa, amadziwa bwino zimene mkuluyu ankatanthauza. Mbiri yonse ya makina oyeserera kuwombera ikhoza kuyezedwa ndi muyeso umenewu.

Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, dziko la America linafunika kuphunzitsa anyamata miyandamiyanda kuteteza ndege zoponya mabomba. Ndege ya mtundu wa B-17 inkanyamula anthu 10, ndipo ambiri mwa iwo ankagwira mfuti za chiwaya. Ntchito yawo inali yovuta koposa, chifukwa wowombera akuthamanga, wowomberedwa nayenso akuthamanga. Mlenje aliyense amadziwa kuti njiwa youluka sailozera pamene ili, koma kutsogolo kwake. Anyamata ambiri anabwera ndi nzeru imeneyi kuchokera kwawo, ndipo sukulu za ku Las Vegas, Kingman ndi Laredo zinkailimbikitsa powauza kuwombera timbale tadothi toponyedwa m'mwamba, nthawi zina ali pa galimoto yothamanga. Koma chipolopolo chochoka m'ndege chimatengako liwiro la ndegeyo n'kutsetserekera kutsogolo. Choncho ndege ya mdani ikamakhotera kwa iwo kudzawaukira kuchokera m'mbali, malo oyenera kulozako anali pakati pa mdaniyo ndi mchira wa ndege yawo yomwe. Zimenezi zinali zosemphana ndi nzeru ya mlenje. Apa chizolowezi chakale chinasanduka msampha, ndipo panatenga nthawi kuti sukuluzo ziyambe kuphunzitsa njira yoyenera.

Makina otchuka a nthawi imeneyo anapangidwa ndi Fred Waller, katswiri wa za kanema. Makina oonetsera kanema 5 ankaponya zithunzi za ndege pa chinsalu chachikulu chokhota ngati m'kati mwa mphika, ndipo ophunzira 4 ankawombera nthawi imodzi ndi mfuti zoyerekezera zimene zinkanjenjemera m'manja. Wina akalasa ankamva kulira m'makutu. Nkhondo itatha, nzeru yomweyi inabala kanema wa chinsalu chachikulu wotchedwa Cinerama, amene anayamba kuonetsedwa m'chaka cha 1952. Nawo Angerezi anamanga nyumba zozungulira zophunzitsira owombera ndege ali pansi, ndipo imodzi mwa izo inasungidwa ku Langham, m'chigawo cha Norfolk. Chakumapeto kwa nkhondo Aamereka anafika pokuta ndege zenizeni za mtundu wa Kingcobra ndi zitsulo zochindikala, kuti ophunzira aziziwombera ndi zipolopolo zimene zinkanyenyeka zikagunda. Ndegeyo ikalasidwa, nyali ya kumphuno kwake inkathwanima.

Kodi zonsezi zinathandiza motani? Yankho linali lovuta kulipeza, popeza m'mwambamo munalibe wowerenga mabowo. Pa 14 Okutobala 1943, ndege 291 za America zinapita kukaphulitsa mafakitale a ku Schweinfurt ku Germany, ndipo 60 mwa izo sizinabwerere. Owombera amene anapulumuka ananena kuti agwetsa ndege 186 za adani. Mabuku a Ajeremani ataonedwa nkhondo itatha, anasonyeza kuti zinagwa zinali zosapitirira 40. Anyamatawo sankanama dala. Ndege imodzi ikayaka, anthu khumi kapena kuposerapo amene ankaiwombera nthawi imodzi, aliyense ankakhulupirira kuti waigwetsa ndi iye. Motero panalibe njira yodziwira ngati amene anakhoza bwino pa makina a Waller ndi amenenso ankalasa kunkhondo.

Asilikali oyenda pansi anali ndi vuto lawolawo. Kwa nthawi yaitali ankaphunzira atagona pa udzu wotchetchedwa bwino, kuwombera chandamale chozungulira choima pa mtunda wodziwika. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, amene ankanyamula mfuti ya Lee-Enfield, anapita kukamenyana ndi Ajapani m'chigwa cha Kabaw ku Burma m'chaka cha 1944, m'nyengo ya mvula yosalekeza. M'nkhalango zoterozo mdani ankaoneka kwa kamphindi ali pafupi, kapenanso sankaoneka n'komwe. M'chaka cha 1947 wolemba mbiri ya nkhondo wa ku America, S. L. A. Marshall, anatulutsa buku lotchedwa Men Against Fire, m'mene ananena kuti pa asilikali anayi alionse, osapitirira mmodzi ndi amene ankawombera nkhondo ikafika povuta. Pambuyo pake, makamaka kuchokera m'chaka cha 1988, akatswiri monga Roger Spiller anaonetsa kuti Marshall analibe umboni wokwanira wa chiwerengero chakecho. Ngakhale zinali choncho, bukulo linali litagwedeza kale akuluakulu a asilikali. Kafukufuku wina wa chaka cha 1952 anasonyezanso kuti kuwomberana kwa mfuti zam'manja kunkachitika kawirikawiri pa mtunda wosapitirira mamita 300. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Aamereka anayambitsa njira yotchedwa Trainfire. Chandamale chozungulira chinachotsedwa. M'malo mwake munabwera zithunzi zooneka ngati munthu, zovumbuluka mwadzidzidzi pa mitunda yosiyanasiyana, zogwa zikalasidwa ndi kubisala zikachedwetsedwa.

Magetsi ndi makompyuta atafala, makina oyeserera anachuluka. M'zaka za m'ma 1970 kunabwera Weaponeer, mfuti ya M16 yolumikizidwa ku chitsulo chimene chinkaikankhira paphewa ngati yaombadi. Ubwino wake waukulu unali wofanana ndi wa pensulo ya Scott: makinawo ankajambula njira imene kukamwa kwa mfuti kunayenda munthu asanakhethemule, motero mphunzitsi ankaona cholakwa chimene pa bwalo sichioneka. M'chaka cha 1984 Jody Scheckter wa ku South Africa, yemwe anali atapambana mpikisano wa dziko lonse wa magalimoto a Formula One m'chaka cha 1979, anakhazikitsa ku America kampani yopanga makina amene munthu amawombera kanema ndi kuwala kwa laser. Makina a mtundu umenewu anafalikira m'magulu a asilikali ndi apolisi a mayiko ambiri. Pofika zaka za m'ma 1990 asilikali a America ankayeserera ngakhale pa makina a masewera a ana a Super Nintendo.

Akatswiri a bungwe la Army Research Institute anayesa makina oterewa kangapo. Mayeso a msilikali wa America anali owombera zandamale 40 zovumbuluka pa mitunda ya pakati pa mamita 50 ndi 300. Wolasa 23 ankakhoza, ndipo wolasa 36 kapena kuposerapo ankatchedwa katswiri. Ofufuzawo anapeza kuti amene ankachita bwino pa makina kawirikawiri ankachitanso bwino pa mayesowa, ngakhale kuti si onse. Kafukufuku wa Joseph Hagman wa chaka cha 2000 anaulula china chofunika. Ophunzira atsopano amene anayamba ndi mfuti ya laser anafulumira kudziwa kuika zipolopolo zawo pamalo amodzi ndi kuwongola timaso ta mfuti, ndipo anawononga zipolopolo zochepa poyerekeza ndi anzawo. Koma pa mayeso omaliza a zandamale zovumbuluka, magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni. Kagwiridwe ka mfuti, kapumidwe ndi kakhethemulidwe zinawoloka, popeza n'zofanana m'nyumba ndi kunja. Kusakasaka chandamale ndi maso padzuwa, mphepo ikuomba, phokoso lili m'makutu, izi makinawo analibe, ndipo sanaziphunzitse.

Nthawi zina makina amaphunzitsa zolakwika. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera zida zotchedwa MILES, zimene zinkalola magulu awiri a asilikali kumenyana nkhondo yoyerekezera kuthengo. Mfuti iliyonse inkatulutsa kuwala kwa laser, ndipo wolasidwa, zovala zake zinkalira. Njirayi inathetsa mikangano ya masiku akale yoti walasa ndani, ndipo inaphunzitsa ambiri kuopsa koyenda poyera. Koma kuwala kumayenda mowongoka. Sikutsika ndi mtunda ngati chipolopolo, ndipo mphepo siikupatutsa. Choipa kwambiri n'chakuti masamba a chitsamba ankatha kukutchinga. Asilikali ochenjera anazindikira msanga kuti kubisala kuseri kwa tchire kunkawapulumutsa. Chipolopolo chenicheni chimadutsa tchire lotero osalimva n'komwe, ndipo aphunzitsi anali ndi ntchito yochotsa chizolowezi chimene zida zawo zomwe zinadzala.

Kumene makina anaonetsa mphamvu kwambiri ndi kwa oyendetsa akasinja, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wowombera mzinga wa kasinja saona dziko ndi maso ake. Amaliona kudzera m'kagalasi, manja ali pa zogwirira ndi mabatani. Zimenezi kompyuta ikhoza kuzitsanzira pafupifupi ndendende. M'zaka za m'ma 1980 asilikali a America ankathera maola ambiri m'zipinda zoyerekezera kasinja, ndipo dongosolo lotchedwa SIMNET linalumikiza zipinda zambiri kuti gulu lonse lizimenya nkhondo pamodzi. Pa 26 Febuluwale 1991, m'chipululu cha Iraq, pamalo otchedwa 73 Easting, gulu la Kaputeni H. R. McMaster lokhala ndi akasinja 9 a mtundu wa Abrams linatulukira mwadzidzidzi pa adani m'kati mwa mphepo ya fumbi. Pa mphindi 23 linawononga akasinja 28 a Iraq osataya wake ndi mmodzi yemwe. Ogulitsa makina akhala akuitchula nkhondo imeneyi monga umboni wawo, ndipo mbali ina akunena zoona. Komabe akasinja a Aamereka anali ndi magalasi oona kutentha m'kati mwa fumbi, amene adani awo analibe, anyamatawo anali atawomberanso zipolopolo zenizeni zambiri pophunzira, ndipo Airaki anadzidzimutsidwa. Kulekanitsa gawo la makina pa zonsezi n'kovuta ngati kulekanitsa mchere ndi ndiwo zophika kale. Ndipo m'chaka cha 2013 ofesi ya boma la America yofufuza kayendetsedwe ka ndalama inadandaula kuti magulu ankhondo apamtunda analibe miyeso yokwanira yosonyeza phindu la makina amene ankawagula ndi ndalama zankhaninkhani.

Chinthu chimene chavuta kwambiri kuchitsanzira ndi mantha. Munthu akazindikira kuti akhoza kufa, mtima umagunda mofulumira, manja amanjenjemera, ndipo maso amakakamira pa chida cha mdani m'malo moyang'ana timaso ta mfuti yake. Za asilikali ziwerengero zodalirika n'zosowa, koma za apolisi a m'mizinda ina zilipo, chifukwa kumeneko zipolopolo zimene wapolisi waomba zimalembedwa. Bungwe la RAND litaunika za apolisi a mumzinda wa New York kuyambira 1998 mpaka 2006, linapeza kuti pamene winayo sankabwezera, zipolopolo 30 pa 100 zilizonse zinkalasa, koma pakakhala kuwomberana zinkatsika kufika pa 18. Onsewa anali anthu okhoza mayeso awo a pa bwalo.

Ku Netherlands, akatswiri awiri, Arne Nieuwenhuys ndi Raôul Oudejans, anayesa kulowetsa mantha m'maphunziro. Anaika apolisi kuti aziwomberana ndi munthu amene nthawi zina ankabwezera ndi zipolopolo za sopo wamtundu, zosapha koma zopweteka zikagunda pathupi. Apolisiwo atangodziwa kuti akhoza kumva ululu, ankafulumira kukhethemula, ankagwetsa mitu, ndipo kulasa kwawo kunkatsika. Kenaka ofufuzawo anawagawa pawiri. Gulu lina linayeserera popanda wowabwezera, lina linayeserera uku likulandira zipolopolo za sopo zija. Malinga ndi zimene anafalitsa m'chaka cha 2011, gulu lachiwirili linafika polasa bwino ngakhale likuwomberedwa, pamene loyamba linapitiriza kuphonya. Mantha sanawathere, chifukwa mitima yawo inkagundabe mofulumira. Chimene anaphunzira chinali kusunga maso pa chandamale ali ndi mantha omwewo. Atawayesanso patapita miyezi 4, anapeza kuti lusolo linali lisanawachoke.